Kuti Oberon amveke: lipoti la mmene tinaonetsera opera ya Britten m'holo ya tauni

Lipotili likufotokoza mmene kagulu kathu ka opera, kamene kamagwira ntchito kumpoto kwa England, kanakonzera ndi kuonetsera A Midsummer Night's Dream ya Benjamin Britten, wopeka nyimbo wa ku England, m'holo ya tauni imene sinamangidwire opera. Ine ndinali wotsogolera sewero: kayendedwe ka anthu pa siteji, poima pawo, zovala ndi magetsi zinali m'manja mwanga. Za nyimbo ankayendetsa ndi mayi wina amene ndagwira nawo ntchito kwa nthawi ndithu, ndipo muno ndiziwatchula kuti otsogolera nyimbo. Ndalemba poganizira anzanga a zisudzo ndi a makwaya amene amafuna kudziwa zimene zimasintha sewero likamaimbidwa m'malo molankhulidwa. Chilichonse chimene tinkafuna kuchita, tinkayamba tafunsa kuti kodi munthuyu amveka, ndipo amene funsoli linatisautsa naye kwambiri ndi Oberon, mfumu ya mizimu m'seweroli.

## Sewero lake ndi holo yathu

Opera imeneyi inaonetsedwa koyamba pa 11 June 1960 ku Aldeburgh, katauni ka m'mphepete mwa nyanja ku Suffolk, m'holo ya Jubilee Hall imene inali itangokonzedwa kumene. Britten ndi woimba tenala Peter Pears anatenga mawu a sewero la Shakespeare n'kudula pafupifupi theka, awoawo n'kungoonjezerapo mzere umodzi wokha. Pamene anadula kwambiri ndi pachiyambi. Kwa Shakespeare nkhani imayambira kunyumba ya mfumu Theseus ku Athens, kumene bambo ake a Hermia akumukakamiza kukwatiwa ndi Demetrius pamene iye mtima uli pa Lysander. Britten anachotsa zonsezo, moti nyimbo zikamayamba timakhala tili kale m'nkhalango, kunja kukuda. Theseus ndi mkwatibwi wake Hippolyta saoneka mpaka m'kati mwa gawo lachitatu, lomwe ndi lomaliza.

M'nkhalangomo muli magulu atatu. Oberon ndi mkazi wake Tytania, mafumu a mizimu ya m'nkhalango, akulimbirana kamnyamata ka ku India kamene mayi ake anamwalira pobereka, Tytania n'kukatenga kuti akalere. Oberon atamanidwa mwanayo atuma wantchito wake Puck kukathyola duwa limene madzi ake ndi kondaine: ukadonthezera wogona m'maso, amakonda choyamba chimene aone podzuka. Tytania podzuka aona Bottom, woomba nsalu amene Puck wamusandutsa mutu kukhala wa bulu. Gulu lachiwiri ndi achinyamata anayi, Hermia, Lysander, Helena ndi Demetrius, amene mankhwala omwewo amawasokoneza usiku wonse. Lachitatu ndi amisiri asanu ndi mmodzi amene abwera kudzayeserera kasewero koti akaonetse pa ukwati wa mfumu Theseus.

Gulu lililonse Britten analipatsa kamvekedwe kake. Mizimu imayenda ndi azeze awiri, celesta ndi harpsichord (zida zoimbidwa ngati piyano) ndi zida zogogoda, ndipo mawu ake onse ndi okwera. Achinyamata amayenda ndi zida za nsambo ndi zitoliro. Amisiri amayenda ndi zida za mawu otsika, makamaka lipenga lotchedwa trombone limene silisiyana ndi Bottom. Munthu ngakhale atatsinzina amadziwa amene walowa.

Holo yathu ili ndi siteji yaifupi, pokhala anthu ndi pathyathyathya, ndipo kumbuyo kuli khonde la m'mwamba lokhalamonso oonera. Ilibe malo otsika a kutsogolo kwa siteji amene m'nyumba za opera amabisamo oimba zida, ilibenso denga lalitali loti n'kukwezerako katundu. Pa ma opera ena tinkangokhazika oimba zida pansi, kutsogolo kwa siteji, oimba pakamwa n'kumaponya mawu pamwamba pawo. Kwa tenala kapena besi wamphamvu zimenezi zimatheka. Kuchepetsa zida sikunali kotheka: Britten anamwalira mu 1976, nyimbozi zidakali ndi eni ake, mabuku ake amabwerekedwa molipira ku kampani yosindikiza nyimbo ya Boosey & Hawkes, ndipo sungangochotsa chida chifukwa choti holo yako ndi yopanikiza.

## Oberon

Gawo la Oberon Britten analilemba poganizira munthu mmodzi, Alfred Deller, amene anali countertenor, mwamuna woimba mawu okwera a alto. Mu 1960 mawu otere ankamveka m'makwaya a matchalitchi akuluakulu ndi m'nyimbo zamakedzana, osati pa siteji ya opera. Mawu a Deller anali okoma koma osakula, ndipo Britten anamulembera motsatira zimenezo: nyimbo zake zimayenda chapansi, sizikwera kumene mawu a countertenor amatuluka mwamphamvu, ndipo zida zomuperekeza n'zopepuka. Ankadziwanso kuti Jubilee Hall ndi yaing'ono, ya anthu ongopitirira pang'ono 300. Opera itapita ku Covent Garden, nyumba yaikulu ya opera ku London, mu 1961 gawoli linapatsidwa kwa Russell Oberlin wa ku America, ngakhale kuti Deller ndi amene anadzaliimba pojambula nyimbozi mu 1966, Britten akutsogolera.

Woimba wathu anali mnyamata wokulira m'kwaya ya tchalitchi, wodziwa nyimbo kwambiri, wa mawu osalala. Titamuyesa m'holo, oimba zida angapo atakhala kutsogolo kwake, ine ndi otsogolera nyimbo tinakakhala mzere wakumbuyo. Mawu okwera ankafika. Otsika, amene ndiwo ochuluka m'gawoli, ankamira asanadutse pakati pa holo, makamaka azeze ndi celesta zikalira pamodzi, chifukwa zidazo zinali pafupi ndi oonera kuposa iye.

A msungichuma athu anati timuike maikolofoni. Ndinakana, ndipo otsogolera nyimbo anali mbali yanga. Mawu akatulukira m'sipika amasiya kuchokera pamene munthu waima, ndipo amakula n'kufanana ndi a wina aliyense. Oberon wa Britten mphamvu zake zili pa kusakuwa. Akatsegula kamwa, ena onse amayenera kukhala chete kuti amve, ndipo oonera akayamba kutchera khutu ndiye kuti alowa kale mu ulamuliro wake. Ukamukweza ndi makina wamusandutsa mfumu wamba. Ena anati gawoli tilipereke kwa mayi wa mawu a alto, monga magulu ena anachitirapo. Za kumveka zikanatha, koma tikanataya kudabwa kumene munthu amakhala nako akaona mwamuna wamtali, wandevu, akutulutsa mawu amene samawayembekezera, ndipo kudabwako ndi kumene kumamuuza woonera kuti uyu si munthu.

Chimene tinachita ndi kuitembenuza holo. Oimba zida onse tinawakweza pa siteji yeniyeni, n'kuwatchinga ndi nsalu yopyapyala imene imabisa za kuseri ikaunikiridwa kutsogolo, koma n'kuzionetsa ukayatsa magetsi kumbuyo kwake. Kenako tinamanga nsanja yamatabwa yolowa pakati pa oonera, anthu n'kukhala mbali zitatu, ndipo sewero lonse linachitikira pamenepo. Tsopano Oberon anali pafupi ndi oonera kuposa chida chilichonse.

Zimenezi zinali ndi mtengo wake. Mipando ya mizere yakutsogolo, imene matikiti ake ndi odula, inachoka. Oimba pakamwa sakanathanso kuona otsogolera nyimbo, amene anali kumbuyo kwawo, choncho tinaika kamera yoloza manja awo ndi masikirini pa khonde ndi m'mbali mwa holo. Aliyense wofuna kuchita zotere adziwe ichi: makamera ndi masikirini ambiri amakono amachedwetsa chithunzi pang'ono, ndipo kuchedwako, ngakhale diso silikuzindikira, n'kokwanira kuti woimba azitsalira m'mbuyo. Tinachita kufunafuna zida zakale za analogue zimene zimaonetsa dzanja nthawi yomweyo.

Kusamutsa oimba zida kokha sikunakwanire. Holo imakhala ndi phokoso lake limene sulimva mpaka utafuna bata. Magetsi ozungulira okha aja ali ndi mafani olira mosalekeza, choncho tinawachotsa n'kugwiritsa ntchito nyali wamba zoima malo amodzi. Makina a utsi, amene ambiri amaganiza kuti nkhalango ya usiku singakhale popanda iwo, tinawasiya pa chifukwa chomwecho. Ana onse osewera timizimu ta Tytania anayenda opanda nsapato. Ndinaika lamulo loti Oberon akamaimba pasapezeke woyenda, ngakhale Puck. Malo ake enieni anali pamene nsanja imayambira, pomwe mbali zonse zitatu zimaona nkhope yake, kutsogolo kwa thabwa lalikulu lopakidwa vanishi limene tinaliimika ngati tsinde la mtengo. Thabwalo linkabweza mawu ake kwa oonera, komanso linkatchinga azeze amene anali kuseri kwake.

Nyimbo yake yaikulu ya m'gawo loyamba, imene amafotokoza malo a maluwa amene Tytania amagona, anaiimba ataima pamenepo osasuntha phazi. Nyimboyi imakhotakhota mofanana ndi za Henry Purcell, wopeka nyimbo wamakedzana wa ku England amene Britten ankamukonda kwambiri. Ndi yokongola, pamene cholinga cha woimbayo ndi choipa, chifukwa akukonza zochititsa manyazi mkazi wake. Mnyamata wathu poyamba ankafuna kuonetsa kuipako ndi nkhope ndi manja. Ndinamupempha kuti asiye zonsezo, azingoyang'ana duwa lili m'manja mwake. Ataima duu, mpweya unasiya kuthera m'kuyendayenda, mawu anakhazikika, ndipo anayamba kuopsa.

Ndikhalepo pang'ono pa nkhani ya mwana wa ku India uja. Shakespeare sanamupatse mawu, Britten sanamupatse nyimbo, ndipo n'zotheka kuonetsa sewero lonse osamutulutsa. Ine ndinamuika pa nsanja. Sindiona kuti ndi chilungamo kuti mkangano wonse uchokere pa mwana wamasiye, oonera n'kubwerera kwawo osamuganizirako. Tytania amanena momveka kuti akumulera chifukwa chokonda mayi ake. Oberon amamupeza mwanayo mkazi wake atamusokoneza mutu ndi mankhwala, ndipo pachiyambi cha gawo lachitatu amangoti poti mwana ndamupeza, ndimumasule. Kwa ife, pamene Tytania ali kalikiliki kusisita makutu a bulu m'gawo lachiwiri, Puck ankabwera n'kumugwira dzanja mwanayo kupita naye, Tytania osacheuka. Podzuka m'gawo lachitatu, asanavine ndi mwamuna wake, ankamuona mwanayo ataima pambali pa Oberon. Sitinaonjezere mawu kapena kuchedwetsa nyimbo. Ena m'gulu lathu ankati tikulemetsa sewero loseketsa. Ine ndikuti kulemerako kunalimo kale. Nyimbo zimene Britten anapatsa Tytania pamene akunyengerera bulu n'zachikondi chenicheni, mulibe chipongwe, choncho amene akunyozedwa pamenepo ndi munthu amene akukonda ndi mtima wonse.

## Nkhalango ndi ogona

Opera imayamba ndi oimba zida za nsambo akutsetsereza zala, kukwera n'kutsika pang'onopang'ono, ngati kupuma kwa munthu ali m'tulo. Magulu akuluakulu aziyankha nyimbozi m'njira zosiyanasiyana. Ku Glyndebourne, ku England, mu 1981, Peter Hall anaveka anthu ngati mitengo, nkhalango n'kumasuntha yokha. Ku Aix-en-Provence, ku France, mu 1991, Robert Carsen anasandutsa siteji kukhala bedi lalikulu lobiriwira. Ife ndalama zotero tinalibe, komanso masamba ansalu ndi makatani olemera amameza mawu. Tinaimika mitengo yowonda, yosalala, yopanda masamba, n'kuiunikira cham'mbali kuti zithunzithunzi zake zigwere pa nsanja.

Vuto limene sulizindikira powerenga buku n'lakuti m'seweroli anthu amagona kwambiri. Tytania amagona kumapeto kwa gawo loyamba, ndipo lachiwiri limamupeza ali chigonere, amisiri akuyeserera pambali pake. Achinyamata anayi amagona kumapeto kwa gawo lachiwiri mpaka m'kati mwa lachitatu. M'holo yathyathyathya, munthu akagona pansi ambiri samuonanso. Tinamanga chitunda chotsetsereka mbali imodzi ya nsanja kuti ogona azioneka nkhope, n'kuyalapo matiresi opyapyala kunsi kwa nsalu yake. Woimba akagona pa thabwa lozizira nthawi yaitali mawu amazizira naye limodzi, chonsecho Tytania amayenera kudzuka n'kuyamba nthawi yomweyo mawu okwera, ofewa. Tinamubisiranso kabotolo ka madzi m'mphako ya chitundacho.

## Ana ndi Puck

Magawo a timizimu Britten analembera anyamata aang'ono, ndipo ananena yekha kuti m'timizimu ta Shakespeare ankaonamo ukali wina wake. Sankafuna tiana tokongola tamapiko. Ife tinatenga anyamata ndi atsikana a m'makwaya a masukulu a m'deralo, ndipo ntchito yaikulu ya otsogolera nyimbo inali kuwachotsa kaimbidwe kofewa kuti aziimba molunjika, mawu akutulukira kutsogolo kwa kamwa. Tinawaveka zotuwa zofanana, poti ndi alonda a Tytania. Kukhala ndi oimba zida kumbuyo kunawathandiza: ankamva azeze ndi harpsichord pafupi, choncho poyambira pawo, pamene pamavuta chifukwa nsambo zija sizikhazikika pa noti imodzi, ankapapeza mosavuta. Timizimu tinayi tokhala ndi mayina, Cobweb, Peaseblossom, Mustardseed ndi Moth, timayeneranso kumuimbira Bottom ndi tizitoliro, timbale tachitsulo togundanitsa ndi timatabwa togogoda, ndipo izi anaziphunzira padera kuyambira pachiyambi.

Ku England kuonetsa ana a msinkhu wa sukulu m'sewero lolipiritsa kuli ndi malamulo ake, ndipo ife tinayenera kupempha chilolezo ku khonsolo. Woyang'anira wovomerezeka mmodzi saloledwa kusunga ana oposa 12, ndipo ana ayenera kukhala atachoka pamalopo pofika 11 koloko usiku. Ana ndi amene amatsegula opera imeneyi, ndi amenenso amaimba nyimbo yake yomaliza, choncho tinkayamba molawirira. Chovuta kwenikweni chinali nthawi yaitali ya m'gawo lachitatu imene amangokhala m'chipinda kudikira nyimbo yomaliza. Ang'onoang'ono ankasinza, ndipo mwana wongodzuka kumene saimba bwino. Oyang'anira ankawadzutsa amisiri akayamba kasewero kawo, n'kumawaimbitsa chapansipansi.

Puck saimba. Amalankhula motsatira kugunda kwa nyimbo, ndipo akalowa amalowa ndi lipenga ndi kang'oma. Britten anapeza maganizowa ataona ana ochita masewera odumphadumpha ku Stockholm, ndipo woyamba kusewera gawoli anali mwana wa katswiri wovina Léonide Massine. Woyamba kutsogolera seweroli nayenso anali munthu wa zovina, John Cranko, wobadwira ku Rustenburg ku South Africa. Ife tinapeza mtsikana wa masewera olimbitsa thupi amene sankadziwa kuwerenga manoti. Anaphunzira gawo lake ndi khutu, woimba ng'oma akumubwerezera. Woimba lipenga tinamukhazika kumapeto kwa nsalu kuti azimuona akamadumpha. Nsanja yathu, poti kunsi kwake kunali mphako, inkachita phokoso lalikulu iye akatera, mpaka tinaunjikako matumba a mchenga ndi zofunda zakale.

## Demetrius

Popeza chiyambi cha Shakespeare chinadulidwa, chifukwa chimene Hermia ndi Lysander akuthawira chimangomveka m'mawu ochepa, ndipo wophonya pamenepo amangoona anthu akuthamangitsana. Tinaika mawu olembedwa pamwamba pa nsalu ngakhale kuti opera ili m'Chingelezi, ndipo awiriwa ankalowa atanyamula zikwama za ulendo. Mawu a seweroli amatinso Hermia ndi wamfupi, Helena wamtali, ndipo amanyozana nazo akakangana. Hermia wathu anali wotalikirapo, choncho akayandikana Helena ankaima kumtunda kwa chitunda chija.

Amene tinamukambirana nthawi yaitali ndi Demetrius. Lysander amachotsedwa mankhwala, Tytania amachotsedwa, koma Demetrius ayi, ndipo amakwatira Helena ali nawo m'maso. Woimba gawoli ankafuna kuliseweramo ngati munthu wochira, ndipo anali ndi pogwira, chifukwa kwa Shakespeare Demetrius anayamba wafunsira Helena asanakopeke ndi Hermia. Ine ndinakulira ku Malawi, kumene mwamuna wotere abale ake amati anamudyetsa, ndipo sanena mosangalala. Sindinafune kukakamiza kaonedwe kanga, koma Britten mwini anasiyapo mpata. Podzuka, anayiwa amaimba pamodzi nyimbo imene kwa ine ndi yokoma koposa m'opera yonse. Mawu ake kwa Shakespeare ndi a Helena yekha, oti wapeza Demetrius ngati mwala wamtengo wapatali umene ndi wake komanso si wake. Britten anawagawira onse anayi, aliyense kunena za mnzake. Tinagwirizana kuti Demetrius aimbe ndi mtima wonse, osakayika, koma Helena achedwe kulandira dzanja lake mpaka nyimbo itatsala pang'ono kutha. Wokayika akhale iye amene akukumbukira kuti dzulo lomweli munthuyu ankamuthamangitsa.

## Amisiri

Bottom ndi woomba nsalu, Quince kalipentala, Snug wopanga mipando, Flute wokonza mivukuto, Snout wokhoma zidebe, Starveling telala. Kasewero kawo ka Pyramus ndi mtsikana wake Thisbe Britten anakalemba mokokomeza ma opera a ku Italy a zaka za m'ma 1800. Pears mwini anasewera Flute, ndipo atavala ngati Thisbe ankatengera woimba wamkazi Joan Sutherland, amene mu 1959 anatchuka ku Covent Garden ndi gawo la mkazi wopenga m'opera ya Donizetti. Oonera a ku Aldeburgh ankazidziwa zimenezo. Ambiri a m'tauni yathu sazidziwa, choncho sindinadalire kuti aseka pozindikira amene akutengeredwa. Amuna asanu ndi mmodziwa ndinawapempha kuti asewere anthu aulemu wawo, odziwa ntchito za manja awo, amene akuopa kulakwitsa pamaso pa mfumu ndipo akuyesetsa ndi mphamvu zawo zonse. Pasapezeke woyang'ana oonera kuti awaseketse. Flute amayamba mwamanyazi, kenako nyimbo imamugwira n'kuiwala mantha. Anthu ankaseka kwambiri pamene Snug, atavala ngati mkango, akuchonderera amayi kuti asaope, ndipo pa Thisbe ankayamba ndi kuseka n'kumaliza ndi kuomba m'manja moona mtima.

Mutu wa bulu sitinaupange wophimba nkhope. Woimba ayenera kumva ndi kutsegula kamwa, choncho makutu aatali ndi chipumi tinazimangirira pa chipewa cholimba, makutu ake enieni ndi nsagwada zili poyera.

Kuchoka m'nkhalango kupita kunyumba ya mfumu kumachitika nyimbo zikulira, popanda kupuma, ndipo ife tinalibe kokwezera mitengo. Tinangoyatsa magetsi kuseri kwa nsalu. Oimba zida onse, amene anali obisika usiku wonse, anaonekera atavala zakuda ndi zoyera, n'kusanduka gulu loimba pa ukwati wa Theseus, mitengo ija n'kukhala mizati ya nyumba. Belu la pakati pa usiku litalira tinazimitsanso, Oberon n'kubwerera pa thabwa lake kudzaimba ndi Tytania ndi ana nyimbo yodalitsa nyumbayo.

## Zimene zinachitika poonetsa

Oberon anamveka holo yonse kupatula mizere ya pansi pa khonde, kumene manoti ake otsikitsitsa ankasowabe. Amene anakhala kumeneko anadandaula, ndipo anali ndi chifukwa. Usiku woyamba, pa mkangano wa anayi aja, pamene nyimbo zimathamanga ndipo aliyense amalowa mnzake asanamalize, oimba pakamwa ndi zida anasiyana kwa kanthawi chifukwa awiri a iwo anali atayang'ana mbali imene kunalibe sikirini. M'mawa mwake tinaonjezera ina. Otsogolera nyimbo ankavutika kudziwa pamene kuseka kwa anthu kwatha m'kasewero ka amisiri, choncho tinawaikira kasipika kotenga phokoso la m'holo. Kuseri kwa nsalu kunkatentha, ndipo nsambo za azeze zinkasokonekera pofika gawo lachitatu. Nthawi yopuma yachiwiri tinaitalikitsa pang'ono kuti azizikonza, zimene zinatiyandikitsa ku malire a nthawi ya ana.

Matikiti anagulidwa onse koma sanabweze zonse zimene tinawononga, chifukwa cha mipando inachoka ija. Komiti inafunsa ngati ulendo wina sitingabwezere oimba zida kutsogolo n'kugula maikolofoni yabwino. Ndinayankha kuti pa ma opera ena zingatheke, koma pa iyi ayi. Ngati ndalama zikuperewera tionjezere tsiku loonetsa, ndipo mipando ya pansi pa khonde tiigulitse motchipa, ogula titawauziratu chifukwa chake.

Nsanja, chitunda, mitengo ndi thabwa lija zili kosungira katundu, chilichonse cholembedwa nambala, ndipo kamera ndi masikirini zisagulitsidwe chifukwa zotere zikuvuta kupeza. Anyamata ena mwa amene anaimba magawo a mayina mawu awo ayamba kale kusintha. Wodzabwereza seweroli ayambe ndi kupita ku masukulu kukapeza ana ena, awaphunzitse tizitoliro tija, ndipo apemphe chilolezo ku khonsolo masiku oonetsa asanalengezedwe.